Wa bandi nayenso ndi msilikali, tisiye chipongwe

Anzanga aphunzitsi ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pali mawu ena amene Amalawife timawalankhula mopepuka koma amapweteka. Mawu ake ndi akuti, "Aja sanali asilikali enieni, anali a bandi chabe." Ine ndikuti mawu amenewa ndi chipongwe, ndipo akatuluka pakamwa pa mphunzitsi ndiye zafika poipa, chifukwa ana amatola zonse zimene timagwetsa.

Chandilembetsa ndi ichi. Pafupi ndi sukulu yathu pali bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya usilikali zaka zoposa 20 akuimba lipenga lalitali lokoka lija, trombone. Tikukonza zoitana msilikali wopuma kuti adzalankhule ndi ana za tsiku lokumbukira asilikali mu November, dzina lawo litatchulidwa, mnzathu wina anaseka nati tipeze munthu amene ananunkhizapo wonga. Ena anavomera. Ndiye tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

Choyamba, msilikali sasankha nkhondo. Iye amalumbira, kuvala yunifomu, ndi kupita kumene watumidwa. Chilandirire ufulu mu 1964, pamene gulu loyamba la King's African Rifles linasanduka Malawi Rifles, dziko lathu silinamenyanepo nkhondo yeniyeni ndi dziko loyandikana nalo. Inde, asilikali athu analondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, analanda zida a Payoniya mu December 1993 pa Operation Bwezani, ndipo akhala akupita kukasungitsa mtendere kunja monga ku Congo. Koma alipo ambirimbiri amene analowa usilikali mpaka kupuma osawomberapo mdani. Kodi onsewo tiwafufute? Nanga wophika, kalaliki, makanika wokonza malole, namwino wa kuchipatala cha asilikali? Ngati muyeso wa msilikali ndi magazi okha, ndiye kuti tikudandaula kuti Mulungu anatipatsa mtendere.

Chachiwiri, amene amati kuimba bandi n'kusewera sanaonepo mmene ntchitoyi imakhalira. Wa bandi amayamba waphunzira usilikali ngati wina aliyense: kuguba, kugwira mfuti, kumvera lamulo. Pamwamba pa izo amaphunzira kuwerenga manotsi, luso limene ambiri a ife aphunzitsi, ndi madigiri athuwa, sitilidziwa. Tayesani kuuzira lipenga mukuyenda, phazi likugwirizana ndi ng'oma, maso ali pa kapepala, mzere osaukhotetsa, dzuwa la October likuswa mtengo. Perete ikatha inu mumapita kunyumba, iye mawa lake ali pa maliro a msilikali mnzake kumudzi wakutali. Ndipo pa mwambo wa asilikali a ku Britain, kumene a KAR anatengera zambiri, nkhondo ikavuta oimba bandi ndi amene ankanyamula ovulala pa machira. Munthu wolowa pamene zipolopolo zikugwa atanyamula machira m'malo mwa mfuti, inu mukumutcha wamantha?

Taganizaninso za masiku akuluakulu a dziko lino. Nyimbo ya fuko imene anapeka Michael Sauka, pa 6 July pa bwalo la zamasewero, amaitsogolera ndani? Maliro a boma, monga a Dr Kamuzu Banda mu 1997 ndi a Bingu wa Mutharika mu 2012, akanalemera motani popanda kuguba kwapang'onopang'ono kotsatira ng'oma? Ngakhale tsiku lokumbukira asilikali lenilenilo, lochokera pa kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 11 November 1918, pachimake pake ndi pamene lipenga limodzi lilira Last Post anthu onse ali chete. Pa chipilala cha KAR ku Zomba, misozi ya nkhalamba zovala mamendulo imagwa lipengalo likalira. Ndiye mwambowo tiukonde, koma woimba lipengayo timukane?

Chachitatu ndi chimene chimandiwawa kwambiri monga mphunzitsi. Chaka chilichonse timaphunzitsa ana kuvina beni, malipenga ndi mganda, n'kumanena monyada kuti ichi ndi chikhalidwe chathu. Kodi magule amenewa anachokera kuti? Dzina loti beni likuchokera ku liwu lachingerezi lotanthauza bandi. Guleyu anayambira ku gombe la Aswahili m'zaka za m'ma 1890, ndipo anafalikira kumtunda kuno makamaka kudzera mwa asilikali ndi amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analemba buku lonse la nkhaniyi mu 1975. Beni wa ku Mangochi ndi Machinga, malipenga a ku Nkhata Bay, Likoma ndi Karonga, mganda wa ku Dowa ndi Ntchisi, onsewa akutsanzira perete ya asilikali: mizere yowongoka, zovala zoyera mbee, maudindo a kapitawo ndi sajeni, ng'oma yaikulu, ndi malipenga a mphonda zouma. Makolo athu pobwera kunkhondo sanabweretse gule wa mfuti, anabweretsa gule wa bandi. Lero ife tikuombera m'manja chithunzi, mwini chithunzi tikumunyoza. Si zodabwitsa izi?

Ndikudziwa zimene ena munene. Mudzati amene anafera kunkhondo sangafanane ndi woimba. Ndikuvomera. Chancy Chitete, msilikali wathu amene anaphedwa ku Congo mu November 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo mu 2019, ali pa malo akeake amene palibe angamulande. Koma ulemu si nsima yoti wina akatemako wina agona ndi njala. Kulemekeza wa bandi sikuchotsa kanthu pa manda a ngwazi.

Ena mudzati bandi inali yokometsera atsamunda, kenako yotamanda wolamulira wa chipani chimodzi. Zoona, inkaimba pamaso pa akuluakulu a nthawi imeneyo. Koma nthawi yomweyo amayi ankavina, ana asukulu ankaguba pa Youth Week, makwaya ankaimba. Tikayamba kuweruza ndi muyeso umenewo, m'mudzi simutsala munthu.

Maiko ena sachita manyazi ndi oimba awo. Ku America, John Philip Sousa anatsogolera bandi ya asilikali a Marine kuyambira 1880 mpaka 1892, nthawi ya mtendere, ndipo mpaka lero nyimbo zake zogubira zimaimbidwa pa zikondwerero za dziko lawo. Lipenga lalikulu lozunguliza thupi lija, sousaphone, linatenga dzina lake. Ife athu timawasiya akalambe mwakachetechete, luso lawo n'kupita nalo kumanda.

Apa ndiye pali kutaya kwenikweni. M'sukulu zathu zambiri za sekondale phunziro la nyimbo kulibe, ndipo kwaya imaphunzira pongomvera ndi khutu. Pamene m'midzi ndi m'matauni ozungulira Cobbe Barracks ku Zomba, Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndi Moyale Barracks ku Mzuzu muli akuluakulu odziwa manotsi, odziwa kuphunzitsa mwana kupuma bwino poimba ndi kusunga nthawi. Madzi tili nawo pakhomo koma tikufa ndi ludzu.

Choncho pempho langa ndi ili. Aphunzitsi anzanga, fufuzani ngati kwanuko kuli msilikali wopuma wa bandi, mumuitane ku kalabu ya nyimbo kapena ya mbiri yakale, ndipo mumupatse mpando wakutsogolo. Ana alembe zimene anene zisanatayike. Inu ophunzira anga akale amene muli ndi agogo otere, afunseni anaimba pa zochitika ziti, anaphunzira kwa yani, chida chawo chinali chiti. Ndipo mukamva wina akuti "anali a bandi chabe", mumufunse ngati iyeyo angathe kuguba mtunda umodzi wokha akuuzira lipenga osaphonya phazi.