Wodwala wopanda inshuwalansi ku Texas, amulipirire ndani?

Ambiri a ife tikamva za dziko la America timaganiza kuti kumeneko munthu sangazunzike ndi matenda poti zipatala zake nzapamwamba. Nzapamwambadi, koma kuonana ndi dokotala nkolipira, ndipo anthu ambiri amadalira inshuwalansi ya kuntchito. Otsuka mbale m'malesitilanti, amaganyu ndi onyamula njerwa kawirikawiri alibe inshuwalansiyo.

Vutoli lidakula kwambiri m'chigawo cha Texas kuposa m'zigawo zina zonse. M'chaka cha 2023 anthu oposa 16 mwa 100 alionse kumeneko, kutanthauza pafupifupi 5 miliyoni, adalibe inshuwalansi.

Chomvetsa chisoni nchakuti ndondomeko ya Medicaid, yolipirira amphawi kuchipatala, adaisaina mu 1965 ndi pulezidenti Lyndon Johnson, mbadwa ya ku Texas komweko. Mu 2010 lamulo la Barack Obama lidafuna kuikulitsa kuti ifikire akuluakulu onse opeza zochepa, ndipo boma lalikulu limalipira madola 90 pa madola 100 alionse a ntchito yokulitsayo. Koma mu 2012 khoti lalikulu lidagamula kuti chigawo chilichonse chisankhe chokha. Zigawo 40 zidavomera. Texas ili m'gulu la zigawo 10 zokana, atsogoleri ake ati katunduyo adzalemera mtsogolo. Motero munthu wamkulu wopanda ana komanso wopanda ulumali sangalandire Medicaid kumeneko, angakhale asauke motani.

Pogwira anthu otere ndi pa ndondomeko yaing'ono ya Primary Health Care, yomwe chigawochi chidakhazikitsa ndi lamulo la mu 1985. Boma silimanga zipatala zapadera ayi. Limachita mgwirizano ndi zipatala zing'onozing'ono nkumazilipira, monga momwe boma lathu limachitira ndi zipatala za mishoni za CHAM kuti amayi ndi ana azithandizidwa ulere. Wofuna chithandizo ayenera kukhala wokhala m'chigawocho, wopanda pena podalira, ndipo zopeza zake zisapose kawiri mlingo wa umphawi. Mu 2025 mlingowo pa banja la anthu anayi udali madola 32,150 pachaka, ndiye kuti malire adali 64,300. Akalembedwa amapimidwa, kuyezedwa magazi, kujambulidwa, kulandira uphungu ndi chithandizo cha kulera.

Tisaipeputse ntchitoyi. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi akapimidwa msanga amapitiriza kudyetsa ana ake. Akachedwa amafika kuchipatala atanyamulidwa. Lamulo la mu 1986 limakakamiza zipatala kulandira aliyense amene ali pangozi, ali ndi ndalama kapena ayi, koma akadzuka pabedipo bilu imamutsata kunyumba. Mayi uja wa pa Marko 5, yemwe adataya magazi zaka 12 nathera chuma chake chonse kwa asing'anga, ali ndi abale ambiri ku Houston ndi ku El Paso.

Komabe sitingabise kuti ndondomekoyi njoperewera. Imayendera ndalama zomwe nyumba ya malamulo yapereka basi, ndipo ndi chithandizo choyambirira chabe. Dokotala akapeza chotupa chofuna opaleshoni yaikulu, wodwalayo wadziwa dzina la nthenda yake, koma womulipirira ayenera kukamusaka kwina.

Tikamawerenga za Msamariya wa pa Luka 10 timakonda kuthera pomwe akumanga mabala. Timaiwala kuti adasiya ndalama ziwiri kwa mwini nyumba ya alendo, nalonjeza kudzalipira zotsalazo pobwerera. Ife tikuona kuti Texas idasiyadi ndalama ziwirizo. Lonjezo lachiwiri lija ndilo ikulizemba.

Ndipo mzere ukutalika. Pa 4 July 2025 pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo lochepetsa ndalama za Medicaid, ndipo ofesi yowerengetsa chuma ya nyumba ya malamulo ya dzikolo idati pofika 2034 anthu ena pafupifupi 10 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi. Ambiri a iwo adzagogoda pa zipatala zing'onozing'ono zonga zomwezi.