Ku Cabo Delgado Akuteteza Ndani?

Bungwe lina linanditumizira chikalata cha masamba anayi cha m'Chipwitikizi kuti ndichimasulire m'Chinyanja, chikawerengedwe pa wailesi za m'midzi ku Tete ndi ku Niassa. Chinkakamba za nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Ntchito inkayenda bwino mpaka nditafika pa chiganizo chonena kuti asilikali abwezeretsa segurança m'dera la Palma. M'Chipwitikizi liwu limeneli limaima lokha, palibe amene amalifunsa kanthu. Kwathu kuno limachokera ku mneni woti kuteteza, ndipo mneni ameneyu sayenda chimanjamanja. Ukati asilikali akuteteza, womvera amadikira kuti umalize. Akuwateteza, akuuteteza kapena akuchiteteza? Kamawu kapakatiko ndi kamene kamaulula ngati ukunena anthu, mgodi kapena chitsime cha gasi.

Ndinawerenga chikalatacho kawiri kufunafuna wotetezedwayo. Dzina lomwe linkabwerabwera linali Afungi, malo omwe pali ntchito ya kampani ya ku France ya TotalEnergies yomanga fakitale ya gasi. Ndinalemba kuti "chitetezo chabwerera" n'kupereka ntchito ya eni, poti womasulira saloledwa kuwonjezera zake. Zangazo ndabwera nazo kuno. Ndikunena kuti nkhondo yolimbana ndi zigawenga ku Cabo Delgado inakonzedwa kuti iteteze gasi, anthu n'kumangobisala m'mbali mwa mpandawo akapeza mpata, ndipo nkhondo yokonzedwa chotere singathe.

Cabo Delgado ndi chigawo cha pangodya, pomwe mtsinje wa Rovuma umalekanitsa Mozambique ndi Tanzania. Kuchoka ku Maputo kukafika ku Pemba, likulu la chigawochi, pamsewu pali makilomita opitirira 2,000. Kumakhala Amakua, Amakonde ndi Amwani, asodzi a m'mphepete mwa nyanja omwe ambiri ndi Asilamu. Ufulu wa Mozambique unaphukira komweku: Apwitikizi anapha anthu ku Mueda pa 16 Juni 1960, ndipo nkhondo ya Frelimo inayambira ku Chai pa 25 Seputembala 1964. Patapita zaka 53, pa 5 Okutobala 2017, anyamata onyamula zikwanje ndi mfuti zochepa anaukira apolisi m'tawuni ya Mocímboa da Praia. Eni dera amawatcha al-Shabaab, ngakhale si gulu la ku Somalia lija, ndipo kuyambira 2019 gulu la Islamic State lakhala likuwatenga ngati ake. Anthu opitirira 5,000 aphedwa, opitirira miliyoni imodzi anathawapo m'nyumba zawo.

Za anyamatawa ndinene poyera ndisanapitirire. Amadula anthu mitu. Amaba atsikana n'kuwagawana, amaba ana aamuna n'kuwapatsa mfuti. Mu Epulo 2020 anapha anthu 52 m'mudzi wa Xitaxi, ku Muidumbe. Apha Akhristu, aphanso Asilamu anzawo ochuluka. Palibe dandaulo lomwe lingatsuke magazi amenewa, ndipo mayi amene wamva mfuti kuseri kwa nyumba yake usiku amafuna msilikali afike msanga. Ine funso langa ndi lakuti msilikaliyo anafika liti, ndipo atafika anaima pakhomo pa yani.

Tiyeni tiwerenge masiku. Kwa zaka zitatu ndi theka midzi inkapsa. Boma la Filipe Nyusi, iye mwini mwana wa ku Mueda, linayamba ndi kunena kuti ndi zigandanga wamba zomwe apolisi athana nazo posachedwa. Zitakanika linalemba asilikali aganyu: a Wagner a ku Russia mu Seputembala 2019, omwe anachoka patangotha miyezi yochepa atataya anzawo m'nkhalango, kenako a Dyck Advisory Group a ku South Africa ndi mahelikopita awo mu 2020. Mu Ogasiti 2020 zigawenga zinalanda tawuni ndi doko la Mocímboa da Praia n'kukhalamo chaka chathunthu. Chaka chonsecho atsogoleri a SADC ankachita misonkhano ndi kutulutsa zikalata zodandaula, a ku Maputo nawo akuzengereza kulola asilikali a mayiko oyandikana nawo.

Kenako pa 24 Malichi 2021 zigawenga zinalowa m'tawuni ya Palma, makilomita ochepa kuchokera ku Afungi. Ulendo uno pakati pa ophedwa panali alendo ochokera kunja, omwe ena anabisala ku hotela ya Amarula. Pa 26 Epulo TotalEnergies inalengeza kuti yaimitsa ntchito yake ya madola 20 biliyoni. Pa 23 Juni SADC inavomereza kutumiza asilikali. Mu Julayi asilikali ndi apolisi 1,000 a ku Rwanda anatera, ndipo pa 8 Ogasiti Mocímboa da Praia inabwerera m'manja mwa boma. Chomwe chinakanika kwa zaka zitatu ndi theka chinatheka miyezi inayi isanathe. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mimba yomwe inatsekulitsa chitseko ichi inali ya kampani. Ya mayi wa ku Xitaxi inali itapweteka chaka chathunthu chitseko chili chitsekere.

Taonaninso kumene asilikaliwo anaikidwa. A ku Rwanda anayambira ku Palma ndi ku Mocímboa da Praia, madera awiri omwe ntchito ya gasi imadalira, kenako ku Ancuabe, kufupi ndi migodi. Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya unapereka mayuro 20 miliyoni mu 2022 ndi ena 20 miliyoni mu 2024 kuthandizira ntchito yawo. Asilikali a SADC, omwe Malawi ndi Zambia anaperekako anthu awo, anapatsidwa nkhalango za Macomia ndi Nangade, ndalama zili zoperewera, mpaka anachoka mu Julayi 2024 nkhondo ili mkati. Zigawenga zinangosuntha. Kumapeto kwa 2021 zinaonekera ku Mecula, m'chigawo cha Niassa. Mu Seputembala 2022 zinawoloka mtsinje wa Lúrio n'kupha sisitere wa ku Italy pa mishoni ya Chipene, ku Nampula. Mu Febuluwale 2024 anthu zikwizikwi anathawa ku Chiúre, ndipo mu Meyi chaka chomwecho zigawenga zinalowa m'tawuni ya Macomia n'kututa chakudya. Wopirikitsa njovu m'munda mwake n'kuzilowetsa m'munda mwa mnansi sanganene kuti mudzi wathana ndi njovu.

Wina anditsutsa kuti ndikunyoza ntchito yomwe yapulumutsa miyoyo. Ati asilikali a Rwanda atafika anthu ambiri anabwerera ku Palma ndi ku Mocímboa da Praia, misika inatsekulidwa, asodzi anabweza ngalawa pamadzi. Zoona zimenezo, sindikuzikana. Koma tifunse chifukwa chake anthu a ku Palma amathamangira kwa msilikali wa ku Kigali, n'kumazemba msilikali wa dziko lawo. Chifukwa chimodzi n'chakuti ambiri a ku Rwanda amalankhula Chiswahili, chomwe anthu a m'mphepete mwa nyanja amamva, pomwe mnyamata wotumizidwa kuchokera kummwera amafika ndi Chipwitikizi n'kumaona Mmwani aliyense ngati kazitape. Chifukwa china ndi mbiri. Mu Seputembala 2020 panatuluka kanema wa amuna ovala yunifomu ya asilikali akumenya mayi wamaliseche pamsewu, kenako n'kumuwombera maulendo 36. Boma linati sanali asilikali ake. Bungwe la Amnesty International, m'lipoti lake la mu Malichi 2021, linapeza milandu mbali zonse zitatu: zigawenga, asilikali a boma, ndi aganyu aja omwe linati ankawombera anthu wamba ali m'helikopita. Mudzi womwe ukuopa wobwera usiku ndi wobwera masana yemwe suuza aliyense kanthu, ndipo nkhondo ya m'nkhalango sipambanika popanda mudzi kulankhula.

Zikalata za boma zimakonda kunena kuti nkhondoyi inachokera kunja. Pali Atanzania ndi ena akunja m'gululi, ndipo chiphunzitso chawo chinadutsa m'mphepete mwa nyanja kuchokera kumpoto. Komatu ambiri mwa omenya nkhondowa ndi ana a komweko. Mtsogoleri wawo wodziwika, Bonomade Machude Omar, anali mwana wa m'chigawochi, wokulira ku Mocímboa da Praia. Anaphedwa mu Ogasiti 2023 ndipo nkhondo inapitirira, chifukwa chomwe chinkamupatsa anyamata sichinaphedwe naye limodzi. Atsogoleri a Chisilamu a m'derali anachenjeza akuluakulu a boma zaka zingapo 2017 isanafike kuti kwabuka kagulu kokana sukulu za boma ndi mizikiti ya makolo awo. Sanamvedwe.

Nanga anyamatawo ankaona chiyani akamakula? Mu 2009 ku Montepuez kunapezeka miyala ya ruby, ina mwa yamtengo wapatali kwambiri padziko. Chilolezo chinapita ku kampani yomwe gawo lalikulu ndi la Gemfields ya ku London, ndipo okumba pamanja anasanduka akuba pa nthaka yomwe ankaidziwa. Kumayambiriro kwa 2017 zikwi za okumbawa zinathamangitsidwa mwankhanza. Mu 2019 Gemfields inavomera kulipira mapaundi 5.8 miliyoni pothetsa nkhani ya anthu 273 omwe anadandaula za kumenyedwa ndi kuphedwa kwa abale awo, ngakhale sinavomere mlandu. Mu 2010 pansi pa nyanja, kufupi ndi Palma, panapezeka gasi. Anthu a m'mudzi wa Quitupo anasamutsidwira ku Quitunda kuti fakitale ipeze malo, asodzi n'kutalikirana ndi madzi awo. Mu 2013 ndi 2014 akuluakulu a ku Maputo anakongola mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni, ati ogulira zombo zophera nsomba ndi zotetezera gombe. Nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, Manuel Chang, inapezeka yolakwa m'khoti la ku New York mu 2024. Gombe lomwe ngongoleyo inkati iteteze ndi lomwe lija zigawenga zinalanda mu 2020.

Musandimve molakwa. Umphawi pawokha sudula mutu wa munthu. Ukanakhala umatero, bwenzi ku Nsanje ndi ku Chama kukuyaka moto. Chiphunzitso cha chidani chilipo ndipo chili ndi ochilalikira. Koma moto wa lupsa umafuna zinthu ziwiri, woyatsa ndi udzu wouma. Asilikali akusaka woyatsa, pomwe amene anaumitsa udzuwo akadali m'maofesi awo. Mnyamata woona magalimoto a kampani akudutsa pamunda womwe unali wa bambo ake, amene ntchito imamupitirira poti alibe Chipwitikizi, amene wapolisi amamulanda nsomba pamsewu, safunika kumunyengerera nthawi yaitali akamuonetsa ndalama ndi mfuti.

Pamene boma limagwira ntchito mwachangu ndi potseka pakamwa. Mtolankhani Amade Abubacar anamangidwa ku Macomia mu Januwale 2019 akujambula anthu othawa nkhondo, n'kukhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco, wa pa wailesi ya m'dera la Palma, anasowa pa 7 Epulo 2020. Uthenga wake womaliza kwa mnzake unali wonena kuti wazingidwa ndi asilikali. Awa ndi anthu omwe ankamva zinenero za komweko, omwe akanatiuza zomwe mudzi ukunena. Nkhondoyi imalembedwa m'Chipwitikizi, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, kwa anthu ofuna kudziwa tsiku lomwe gasi ayambe kutuluka. Oiferawo amalira m'Chimwani, m'Chimakonde ndi m'Chimakua. Ife omasulira timalembedwa ntchito yotsitsa mawu a akuluakulu kupita nawo kumudzi. Yokweza mawu a kumudzi kupita nawo kwa akuluakulu sindinaipatsidwepo.

Agogo anga ku Ntcheu, komwe msewu waukulu ndiwo malire, anagawira munda banja lina lochokera ku Angónia pa nthawi ya nkhondo ya Renamo. Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi m'zaka zimenezo. Choncho zinandipweteka kumva mu 2021 kuti othawa ku Palma omwe anawoloka Rovuma, Tanzania inkawabweza kudzera pa mlatho wa Negomano. Agogo ankakumbukiranso kuti kwa zaka zambiri wailesi ya ku Maputo inkatcha a Renamo bandidos armados, mbava zonyamula mfuti zomwe sizikambirana ndi munthu, mpaka pa 4 Okutobala 1992 boma lomwelo linasaina nawo mtendere ku Rome. Gulu la lero ndi losiyana ndi Renamo, ndipo atsogoleri ake mwina sadzakhala pamphasa ndi wina aliyense. Koma mwana amene anabedwa ali ndi zaka 12 afunika njira yobwerera kwawo yomwe sithera m'dzenje.

Ife a m'mayiko oyandikana tili ndi mbali yathu. Niassa ndi khomo loyandikana ndi Mangochi, ndipo njanji ya ku Nacala yomwe imatibweretsera katundu imadutsa ku Nampula. Aphungu athu ku Lilongwe ndi ku Lusaka afunse poyera zomwe asilikali a SADC anakwanitsa m'zaka zitatu zija ndi chomwe anachokera nkhondo isanathe. Boma la Daniel Chapo lionetse anthu ake mgwirizano womwe unabweretsa asilikali a Rwanda, linene kumene kuli Ibraimo Mbaruco, liimike m'khoti amuna omwe anawombera mayi uja. Mayiko a ku Ulaya omwe anapereka ndalama zolipirira alonda a Afungi atiuze ndalama zomwe aika pa sukulu ndi zipatala za ku Chiúre ndi ku Macomia.

Ineyo chikalata china chikadzabwera ndi segurança wake woima yekha, ndidzachibweza kwa mwini wake ndi funso limodzi m'mphepete mwa tsamba: mukuti ndilembe akuwateteza kapena akuchiteteza? Akadzasankha loyambalo, ndidzamupempha mayina a midziyo kuti ndiwalembe momwemo.