Tameriki ndi mbewu yabwino, koma si mankhwala a khansa

Alimi amene ayamba kulima tameriki akumva mau okoma pamsika, akuti ufa wake umateteza ku khansa ya m'matumbo. Ife tikuti: limani, gulitsani, koma musalonjeze ogula cimene simungakwanitse.

Mauwo ali ndi pocokera. Munthu amene matumbo ake akulu akhala otupa ndi a zilonda kwa zaka 8 kapena 10, monga pa matenda a ulcerative colitis, ali pa ngozi yaikulu ya khansa kuposa anzake. Mu tameriki muli curcumin, cinthu cimene cimacepetsa kutupa. Koma curcumin ndi gawo laling'ono la ufawo, sasungunuka bwino m'madzi, ndipo wocepa amene walowa m'thupi sacedwa kuphwanyidwa ndi ciwindi.

Mlimi adziwa kuti feteleza wothiridwa kutali ndi phando sapindulitsa cimanga. N'cimodzimodzi ndi mankhwala. Ndiye cifukwa cake akatswiri akuyesa kukuta curcumin ndi zinthu monga pectin, wopezeka m'makoko a malalanje ndi mandimu. Mimba sigaya pectin; amamugaya ndi tizilombo ta m'matumbo akulu, motero mankhwala amamasuka pamalo pomwe pali zilonda. Nchitoyi njolemekezeka, koma mbali yake yaikulu ikali kuyesedwa pa mbewa ndi m'malaboletale. Palibe umboni wotsimikizika wakuti supuni ya ufa m'phala imaletsa khansa mwa munthu.

Wina adzati: ngati ufawo suvulaza, colakwa n'ciani? Colakwa ndi nthawi yotayika. Khansa imeneyi njacitatu pa khansa zofala pa dziko lonse, ndipo ikapezeka msanga imaciritsika. Amene akuona magazi m'cimbudzi, kutsegula m'mimba kosatha ndi kuonda, nati ndi kamwazi cabe, namamwa ufa wathu miyezi yambiri, angakafike ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka matenda atafalikira kale. Pamenepo ndalama imene tinalandira idzatitsutsa.

Tsono tigulitse tameriki monga cokometsera ndiwo, woumitsidwa bwino, wopanda nkhungu. Tilimenso nyemba, mapira ndi ndiwo zamasamba, pakuti zakudya za gaga zimacepetsa ngozi ya khansayi. Ndipo wogula akachula magazi m'cimbudzi, timuuze mosabisa kuti apite ku cipatala sabata lomwelo.