Khungu Lanu Silinalakwe

Pa Facebook ya ku Chipata masiku ano aliyense ndi woyera. Mtsikana amene mumakumana naye pa msika wa Kapata tsiku lililonse, pa selfie simungamuzindikire: mphuno yasungunuka, masaya ngati wagwera mu thumba la ufa. Mukafunsa, yankho n'limodzi chabe, akuti ndi wakuda maningi, kamera siimukonda. Bodza ili latikwana.

Kamera anaiphunzitsa tsankho ndi anthu. Kuyambira m'ma 1950, Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi la nkhope ya mzimayi wachizungu, lotchedwa Shirley card, kuti mitundu yonse ya pa chithunzi ilingane ndi khungu lake. Google inadikira mpaka 2021 kuti itulutse foni ya Pixel 6 yokhala ndi Real Tone, yojambula bwino khungu lakuda. Manje ife, m'malo mokwiya, tikumaliza ntchito ya Kodak ndi zala zathu. Fyuluta ija ndi mafuta oyeretsa khungu, kungoti awa sagulidwa m'botolo. Ndipo mng'ono wanu amene amakuonani mukudzipukuta nkhope musanaike chithunzi akuphunzira kuti yakenso ili ndi vuto.

Vuto ndi pomwe mwaima. Pa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa February, dzuwa la masana limakhala pafupifupi pa liwombo penipeni. Mphumi imawala, maso amasanduka maenje. Ena amaima zenera lili kumbuyo kwawo. Foni imayeza kuwala kwa panja, nkhope n'kukhala chikuni. Kenako flash, imene imangoonetsa thukuta. Tembenukani. Imani pakhomo kapena pa khonde, nkhope iyang'ane kumene kukuchokera kuwala, pang'ono cham'mbali kuti tsaya limodzi likhale ndi mthunzi. Dinani pa nkhope pa sikirini kuti foni iyeze inuyo osati thambo. Khoma loyera, ngakhale shati yoyera m'manja mwa mnzanu, imabweza kuwala pansi pa chibwano. Dikirani 16 koloko ipite. Khungu lakuda limanyezimira, ndipo kunyezimirako ndiko kumaumba nkhope; fyuluta ikakufufuta, yatsala ndi mbale.

Seydou Keïta wa ku Bamako, ku Mali, anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankajambula anthu pabwalo, ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu itapachikidwa kumbuyo. Zithunzi zake lero zimaonetsedwa ku Paris ndi ku New York, anthu ake ali akuda bii, ooneka ngati mafumu.

Nanga za kumbuyo kwanu? Tauni yozunguliridwa ndi mapiri, koma inu mwasankha kalilole wa ku bafa, ndowa ndi mswachi zikuonekera. Wina mtengo wa magetsi ukumera pamutu. Foni mukaiyandikitsa kumaso, lenzi yake imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu, kenako mumada mphuno ya amai anu. Patsani mnzanu foniyo, abwerere kumbuyo mapazi atatu, aigwire molingana ndi maso anu.