Moto wa M'mwamba ndi Anthu Okhala Pansi

Akuluakulu a m'boma la Katete sanaiwale caka ca 1969. Pa 30 June caka cimeneco, nkhondo ya Apwitikizi ndi ankhondo a Frelimo ku Tete ili mkati, mabomba a Apwitikizi anagwera mudzi wa Lote, tsidya lino la malire, ndipo anthu wamba osadziwa n'kugwira mfuti komwe anataya miyoyo. Boma linakadandaula ku United Nations, ndipo pa 28 July bungwe loona za citetezo kumeneko linadzudzula dziko la Portugal m'cigamulo ca nambala 268, mmene dzina la Lote ndi la Katete linalembedwa kuti dziko lonse lapansi liwerenge. Maiko 11 anavomereza cigamuloco. America, Britain, France ndi Spain anakhala duu, osavomereza, osakana.

Patapita zaka 9, pa 19 October 1978, ndeke za boma la Ian Smith zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi kupha anthu mazanamazana, mtsogoleri wa ndekezo atacita kulamula pa wailesi kuti ndeke zathu za nkhondo ku Mumbwa zisayese kunyamuka. M'caka ca 1980 Boma linagula ndeke zaliwiro za MiG-21 ku Soviet Union. Funso la masiku amenewo linali limodzi, kuyambira ku Vubwi mpaka ku Sinda: kodi ndeke ya mdani ikalowa m'mlengalenga mwako, uigwetsa bwanji isanatule katundu wake?

Funso lomwelo linasowetsa tulo akulu a nkhondo a ku America zaka 20 ife tisanakumane nalo, ndipo yankho limene anapeza ndi loyenera kuti owerenga alimve, cifukwa lionetsa kumene nzeru za munthu wamantha zingathe kufika.

M'zaka za m'ma 1950, America inali kuopa kuti ndeke zikuluzikulu za Soviet Union zidzabwera m'magulu ngati dzombe, kudzera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, iliyonse itasenza bomba la atomu lokwanira kufafaniza mzinda. Mfuti za pa ndeke sizinali kufika patali, ndipo maroketi odzilondolera okha anali akali osadalirika. Kuphonya ndeke imodzi kunali kutaya mzinda wathunthu. Tsono anati: popeza kulasa mbalame imodzi-imodzi kwatikanika, tiyeni titenthe thambo lonse limene mbalamezo ziulukamo.

Motero kampani ya Douglas inapanga roketi yochedwa Genie, imene inayamba nchito m'caka ca 1957. M'litali inali pafupifupi mamita 3, ndipo kulemera kwake kunali makilogalamu 370 ndi pang'ono, kuposa matumba 7 a cimanga a makilogalamu 50. Kumutu kwake kunali bomba la atomu la mphamvu yofanana ndi matani 1,500 a wonga wa TNT, ndiko kunena matumba 30,000 a wonga ophulika nthawi imodzi. Akatswiri anali kulicha bomba laling'ono, pakuti lija linaononga Hiroshima mu 1945 linali kuliposa kakhumi. Ung'ono wa mtundu umenewo ine sindiudziwa.

Roketi imeneyi inalibe maso. Ikacoka pansi pa ndeke siinali kukhota kapena kutsata mdani. Inali kungolunjika kumene yalozedwa, pa liwiro loposa la phokoso katatu, ndi kuphulika nthawi yoikika ikakwana, itayenda mtunda wosapitirira makilomita 10. Ciliconse couluka mkati mwa mamita 300 kucokera pamene yaphulikira cinali kutha. Opanga ake anali kunyadira khungu limenelo, cifukwa cinthu cosaona ndi cosamva mdani sangacinamize ndi makina ake. Koma woyendetsa ndeke yoiponya anali ndi kamphindi kocepa kwambiri koti atembenuke ndi kuthawa, kuti angapse ndi moto woyatsa yekha.

Ife a kuno kum'mawa nzeru iyi tiidziwa bwino. Mnyamata wofuna mbewa akatopa ndi kukumba una, ayatsa chire. Mbewa azipezadi, koma pamodzi ndi mbewazo upsa udzu wofolerera nyumba, upsa msipu wa ng'ombe, ndipo mphepo ikatembenuka ipsa ndi nkhokwe ya mnansi amene sanapemphe ndiwo. Ndi cifukwa cake mafumu aletsa moto wolusa caka ndi caka. Kusiyana kwake n'kwakuti moto wa Genie unali woti uyake pamwamba pa midzi ndi minda ya eni ake omwe, pakuti ndeke yochinjiriza dziko imenyera nkhondo kwao.

Anthu a ku America atayamba kung'ung'udza za cimeneci, asilikali anaganiza zowatsimikizira kuti palibe coopsa. Pa 19 July 1957, m'cipululu ca Nevada, akuluakulu 5 a gulu la nkhondo la m'mlengalenga anadzipereka kuimirira pabwalo, opanda cipewa cacitsulo kapena cobvala cina codzitetezera, pamodzi ndi munthu mmodzi wojambula kanema. Ndeke ya F-89 inaponya Genie, ndipo inaphulika pamwamba pa mitu yao peni-peni, makilomita oposa 5 m'mwamba. Kunawala, kunagunda, amunawo anaseka ndi kugwirana canza, ndipo kanemayo anaonetsedwa kwa anthu. Aka ndiko kanali koyamba ndi kotsiriza kuti Genie ya bomba lenileni iphulitsidwe.

Tinene zoona: bomba lophulikira kutali m'mwamba cotero silikweza fumbi la pansi, ndipo poizoni wofika kwa oimirira pansi ndi wocepa. Pamenepo asilikali sananame. Koma cionetsero cija cinali ca roketi imodzi, tsiku lowala bwino, pa msinkhu wosankhidwa ndi akatswiri. Pa nkhondo yeniyeni zikanaphulika zambirimbiri, usiku kapena m'mitambo, pa msinkhu uliwonse umene mdani wabwerera, ndipo ndeke zogwetsedwazo zikanagwera pansi ndi mabomba ao a atomu. Za zimenezo kanemayo sananene kanthu. Ndiponso alimi a m'dera la Utah, kumene mphepo ya ku Nevada inali kupita, anali ndi cifukwa cokayikira mau okoma a boma lao: m'caka ca 1953, atayesa mabomba ena pafupi ndi nthaka, nkhosa zao zikwi zingapo zinafa, ndipo boma linakana mlandu. Linafika caka ca 1990 ndi pamene lamulo linakhazikitsidwa lopepesa ndi ndalama anthu a kumeneko amene anadwala khansa.

Mbali ya nkhaniyi imene ikhudza kwambiri munthu wa m'malire ndi ya dziko la Canada. Ndeke za Soviet Union zikanati zipite ku mizinda ya America, njira yao inali pamwamba pa Canada. Conco kumeneko ndi kumene maroketi ambiri akanaphulikira. Anthu a ku Canada anakangana koopsa ngati n'koyenera kulandira zida za atomu, kotero kuti boma la John Diefenbaker linagwa m'caka ca 1963 pa mkangano womwewo. Womlowa m'malo, Lester Pearson, anavomera. Kucokera mu 1965 ndeke za Canada zochedwa Voodoo zinakhala zokonzeka kunyamula Genie, koma mabombawo anakhalabe m'manja mwa asilikali a America, ndipo sakanagwiritsidwa nchito popanda cilolezo cao. Ndeke zako, thambo lako, minda yako pansi pake, koma mfungulo ili m'thumba la mnansi. Wa ku Lote sangavutike kumvetsa za nkhondo ya eni ake yogwera pa denga lako.

Maroketi a Genie oposa 3,000 anapangidwa. Cinawathetsa si cifundo ai. Maiko akulu anapanga mizinga yonyamuka pansi ndi kudutsa nyanja yokha, imene ndeke iliyonse singaithamangitse, ndiponso maroketi odzilondolera anafika pokhoza kulasa ndeke imodzi popanda bomba la atomu. Canada inabweza mabomba ake otsiriza mu 1984, ndipo pofika mu 1988 ndeke zotsiriza za America zonyamula Genie, za F-106, zinali zitapumitsidwa. Lero zikhokhombe zake zili m'nyumba zosungiramo zakale, ana a sukulu nazijambula.

Wina angafunse ngati zida zotere zinafikako kuno kwathu. Ndeke za nkhondo za Zambia sizinanyamulepo bomba la atomu. Koma nkhani ya atomu siinali kutali nafe monga tiganizira. Mwala wa uranium umene unathandiza kupanga mabomba oyamba a America unakumbidwa ku Shinkolobwe m'dera la Katanga, kungodumpha malire a ku Copperbelt. Ndipo boma la tsankho la South Africa, m'zaka zomwe linali kutumiza ndeke zake kukaphulitsa maiko oyandikana nalo, linapanga mwakabisira mabomba a atomu 6. Anawaphwasula ulamuliro wa azungu uli pafupi kutha, ndipo F. W. de Klerk anaulula za iwo mu March 1993. Pa 11 April 1996 maiko a mu Africa, Zambia ali pomwepo, anasaina ku Cairo pangano la Pelindaba loletsa kupanga, kuyesa kapena kusunga zida za atomu m'Africa muno. Panganolo linachedwa ndi dzina la malo a pafupi ndi Pretoria kumene nchito ya mabomba aja inayambira, ndipo linayamba kugwira nchito pa 15 July 2009.