PSA ikakwera, musathamangire kugulitsa kantemba

Amayi ndi abambo a m'misika, kuchokera pa Chongwe mpaka ku Soweto, lekani tikambeko za nkhani imene amuna timabisa.

Mwezi watha amalume anga, amene amagulitsa malasha pa njinga, anapimitsa magazi pa ka kiliniki kena kolipira. Anawapatsa chabe pepala lolembedwa PSA 6.8, popanda owamasulira. Mnzawo pa msika ati, "Iyi ni khansa, mudala." Usiku umenewo sanagone. M'mawa anayamba kukamba zogulitsa njinga kuti ana asadzavutike ndi maliro.

Titapita nawo kwa dokotala, anapeza matenda a m'njira ya mkodzo. Anamwa mankhwala, anapimanso patapita masabata 6, nambala inatsika. Njinga ikali pakhomo.

Manje mvetsetsani. Prostate ni kachiwalo ka amuna kali pansi pa chikhodzodzo. PSA ni chinthu chimene kachiwaloka kamapanga, ndipo china chimalowa m'magazi. Chikachuluka, chionetsa kuti prostate yavutitsidwa, koma sichinena chayivutitsa n'chiyani. Ikhoza kukhala yakula chifukwa cha ukalamba, yatupa ndi matenda, kapena munthu anaikidwa paipi ya mkodzo. Ngakhale kugona ndi amayi kunyumba kapena kupalasa njinga mtunda wautali kungakwezeko nambala. N'chifukwa chake amalangiza kupumula zimenezi masiku 2 musanapimitse.

Madokotala ambiri amayamba kuyang'anitsitsa nambala ikapitirira 4. Pakati pa 4 ndi 10, mwa amuna 4 aliwonse, pafupifupi mmodzi ndiye amapezeka ndi khansa. Atatu alibe. Ikapitirira 10, ngozi imapitirira theka. Chotsimikizira khansa ni biopsy, pamene amatenga kanyama pang'ono kukapima, osati pepala la magazi lokha.

Koma musamve ngati nikuti khalani chabe. Khansa ya prostate ndiyo imapezeka kwambiri mwa amuna muno mu Zambia, ndipo ife anthu akuda imatigwira kuposa azungu. Poyamba siwawa, siionetsa chizindikiro. Ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka itafika kale m'mafupa, msana ukuwawa, pamene ikanapezeka msanga ikanachiritsika. Ngati mwakwanitsa zaka 45, makamaka ngati atate anu kapena abale anu a mimba imodzi anadwalapo, kambani ndi dokotala zopimitsa. Ngati mukodza kambirimbiri usiku, mkodzo utuluka movutikira, kapena muona magazi, musayembekeze kuti malonda ayambe ayenda bwino. Ndipo musataye ndalama ya oda pa mankhwala a m'mabotolo amene akuti "amatsuka prostate".

Apa ndiye pali dandaulo langa. Wogulitsa pa msika akatseka tebulo tsiku limodzi, kunyumba kulibe ndiwo. Kuchoka ku Chongwe kupita ku Lusaka ni makilomita opitirira 40 pa Great East Road, kuwonjezapo ya basi kupita ndi kubwera. Munthu wotere sayenera kupatsidwa nambala ngati risiti ya pa shopu. Aliyense wopima PSA, wa boma kapena wolipira, akhale pansi ndi wodwala mphindi zisanu, amuuze tanthauzo, tsiku lobwereranso, ndi kumene angapite. Unduna wa Zaumoyo ulimbikitse zimenezi, ndipo uphunzitse amuna m'misika monga momwe amayi aphunzitsidwira za khansa ya khomo la chiberekero.

Inu amayi, mumadziwa amuna anu akadzuka kasanu usiku. Akokeni dzanja, pitani nawo. Inu abambo, mukalandira pepala funsani mafunso atatu: nambalayi itanthauza chiyani pa zaka zanga, nipimenso liti, ndipo ikapanda kutsika nipite kuti? Musachoke pa mpando mpaka atakuyankhani.

Tumizani uthengawu kwa atate anu ndi amalume anu lero.