Mwapezeka ndi hepatitis B? Musangoiwala, kaunikitseni chiwindi

Ambiri amamva koyamba za hepatitis B tsiku lomwe apita kukapereka magazi kapena kukayezetsa pofuna ntchito yakunja. Akauzidwa kuti kachilomboka ali nako, amadziyang'ana: thupi lili bwinobwino, mpira akumenya, ndiye amangoti "zazii" n'kuiwala. Apa ndi pomwe tikulakwitsa.

Chiwindi sichidandaula msanga. Ambiri kuno adatenga kachilomboka ali ana, ndipo kamatha kuwononga chiwindi mwakachetechete kwa zaka 20 kapena 30. N'chifukwa chake khansa ya chiwindi mu Africa muno imagwira ngakhale anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40. Pofika poti maso achita chikasu, mimba yatupa, thupi latha, nthawi zambiri chotupa chimakhala chitakula kale. Kumudzi n'kumati walodzedwa.

Malawi idayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002. Ngati mudabadwa chakachi chisanafike, mwina simudabayidwe. Kayezetseni.

Mukapezeka nako, funsani dokotala ngati mukuyenera kumaunikidwa chiwindi pafupipafupi. Kwa omwe chiwindi chawo chidayamba kale kuuma, kapena omwe m'banja mwawo wina adadwalapo khansa imeneyi, madokotala amalangiza sikani ya ultrasound miyezi 6 iliyonse, nthawi zina pamodzi ndi kuyeza magazi kotchedwa AFP. Chotupa chikapezeka chili chaching'ono, mwayi wochichotsa umakhalapo. Mankhwala a tenofovir, omwe alinso mu ma ARV, amachepetsa chiopsezo cha khansa koma sachithetseratu, choncho kumwa mankhwala si chifukwa chosiyira sikani.

Wina anena kuti ya thiransipoti ilibe, sikaniyo ili kutali. N'zoona, ndipo apa mpamene Unduna wa Zaumoyo uyenera kuchitapo kanthu. Pa HIV tidakwanitsa: munthu amayezedwa pafupi ndi kwawo, amalembedwa m'buku, amapatsidwa tsiku lobweranso. Bwanji wa hepatitis B asamapatsidwenso tsiku lake la sikani?

Pakadali pano gawo lanu ndi ili: mowa usiyeni, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, pewani chimanga ndi mtedza wachuku, ndipo auzeni okondedwa anu ndi abale a bere limodzi kuti akayezetse. Tsiku la sikani lilembeni mufoni momwemu, muike ndi alamu.